Kodi "usiwa" ndi chiyani pa mwambi wa nsalu yobwereka?

Telala wa ku Fordsburg:
Akuluakulu amene muli kuno ku Joni ndi amene muli kumudzi, ndithandizeni pa mwambi uwu: "Nsalu yobwereka sithetsa usiwa." Ndimaumva kwa amayi achikulire akabwera kudzasoketsa zovala za ukwati kapena za mvano. Za kubwerekazo ndikumva bwino, mwini akaifuna umabweza n'kutsala momwe unalili. Pandivuta ndi pa usiwapo. Ena akuti ndi umphawi basi, ena akuti ndi kusowa chovala kokha, moti munthu atha kukhala ndi nkhokwe yodzaza koma ali wausiwa. Zoona n'ziti?

Ndikufunsa chifukwa zikukhudza ntchito yanga. Ndimasoka madiresi a chitenje ndi a shweshwe (nsalu ya thonje yodinda ya kuno ku South Africa), ndipo tinsalu totsala sinditaya, ndimatilumikiza n'kupanga zikwama ndi zipewa. Koma makasitomala ambiri amati bola kukasankha pa mulu ku De Villiers Street, pafupi ndi Park Station, zimene eni dziko amati dunusa, ife kwathu kaunjika. Kodi chovala chimene wina anavala kale ku Ulaya, ife n'kuchigula ndi ndalama zathu, chili m'gulu la nsalu yobwereka?

Bambo a ku Rosettenville, kwawo ku Dedza:
Achemwali, usiwa ndi wa pathupi, njala ndi ya m'mimba. Makolo ankazisiyanitsa bwino. Munthu wausiwa ndi amene alibe chosinthira, akachapa amakhala kumadzi konko kudikira kuti chiume. Bambo athu anabwera ku migodi ya kuno pa Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya m'migodi, ndipo ankanena poyera kuti anathawa msonkho ndi usiwa. N'chifukwa chake wobwera ku Joni ankamuyang'ana pa sutikesi: bulangete, jekete, nsalu ya mayi. Ulendowo unadzaima mu 1974 pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu. Zoti usiwa ndi umphawi wonse ndi kalankhulidwe ka masiku ano, si kolakwika, koma pamwambipo akunena chovala.

Mayi a ku Turffontein, kwawo ku Chikwawa:
Bambo afotokoza bwino, koma ndiwonjezere, chifukwa zimandipweteka ana athu akamaganiza kuti makolo ankangoyenda opanda kanthu mpaka azungu atabwera. Kwathu ku chigwa cha Shire Amang'anja ankalima thonje, kulipota ndi manja, n'kuwomba nsalu zolimba zotchedwa machila. David Livingstone atadutsa kumeneko mu 1859 anapeza anthu m'midzi akupota ndi kuwomba, ndipo thonje linalipo la mitundu iwiri, lakwathu ndi lochokera kunja. Nsaluzo zinkayenda pa malonda mpaka ku Zambezi, anthu ankasinthanitsa ndi katundu wina.

Kumtunda kunali nyanda, nsalu ya khungwa la mtengo. Ankasenda khungwa la mombo, kuliviika m'madzi, kenako kulimenya pachipika mpaka lifewe ndi kutambasuka. Ntchito yowawa, koma mtengo unali m'nkhalango yako, luso lili m'manja mwako. Zonsezi zinazirala pamene nsalu za m'mafakitale akunja zinachuluka n'kutsika mtengo.

Ndiye mwambiwu mukaumva ndi makutu a nthawi imeneyo, wobwereka nsalu sanali wosauka chabe. Anali munthu amene sanaphunzire kupota kapena kusula nyanda pamene anzake ankatha. Ine ndimaumva ngati chidzudzulo kwa amene wataya luso.

Ku Uganda nsalu ya khungwa akuipangabe, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inaizindikira mu 2005, chaka chomwecho chimene inazindikira Gule Wamkulu ndi Vimbuza. Kwathu gule tinasunga, nyanda tinaisiya.

Mtsikana wa ku Yeoville:
Amayi atelala, pepani, pa kaunjika ndikusiyana nanu pang'ono. Chimene ndagula ndi changa, palibe adzabwere kudzandivula. Komanso chovala chikavalidwa kachiwiri ndiye kuti sichinakathere kudzala, ndipo sipanafunike thonje lina, madzi ena ndi utoto wina wopangira chatsopano. Kusamala chilengedwe ndi kumeneko. Ndipo tinene zoona, zitenje zambiri zimene atelala akusoka zimadindidwa ku China ndi ku India. Shweshwe yeniyeni ndi imene imapangidwa m'dziko muno, kwa Da Gama ku Zwelitsha, ija youma ndi sitachi ikakhala yatsopano, ya chizindikiro cha amphaka atatu kumbuyo. Kwathu opanga nsalu ndi Mapeto David Whitehead ku Blantyre. Ngati kaunjika ndi yobwereka, chitenje cha ku China nachonso n'chobwereka.

Bambo a ku Rosettenville:
Mwanayu wanena zomveka. Osamunyoza wovala kaunjika, ambiri anatuluka mu usiwa ndi yomweyo.

Telala wa ku Fordsburg:
Zikomo nonse. Pa usiwa ndakhutira, ndi kusowa chovala. Pa kaunjika, mng'ono wanga, ukunena zoona kuti malaya amene wagula ndi ako, ndipo inenso ndimagula majini akale n'kuwamasula kuti akhale zikwama. Zimene wanena za zitenje nazonso sindikutsutsa. Koma mawu a mayi a ku Chikwawa andigwira mtima. Belo limabwera mwini wake akafuna, pa mtengo umene iye wafuna, ndipo m'katimo muli zimene iye watopa nazo. Rwanda itakweza msonkho wa kaunjika kuti iteteze osoka ake, America inaichotsera mwayi wogulitsa zovala zake popanda msonkho mu 2018. Pamenepo m'pamene ine ndikuonera kubwereka: si pa malaya amodzi, koma pa dziko lonse kudalira mulu wa eni.

Mayi, ngati kwanu ku Chikwawa kapena ku Nsanje kukadali agogo amene amatha kupota thonje, kapena wina akudziwa kumene akusulabe nyanda, ndiuzeni. Mu Disembala ndikupita kumudzi, ndikufuna ndikakhale nawo pansi andiphunzitse, ndipo ndidzalipira nthawi yawo.