Ndalama za lotale zikundisowetsa tulo ndisanawine n'komwe

Moni nonse abale. Vuto langa ndi lochititsa manyazi pang'ono. Chiyambireni kugula matikiti a lotale, mutu wanga sukupuma. Ndikangogona ndimayamba kugawa ndalama zoti sindinawine: nyumba ya amayi, galimoto, ngongole zonse kubweza tsiku limodzi. Dzulo tinafika pokangana ndi akazi anga chifukwa sindinawaikire gawo achimwene awo. Ndalama zake za m'malotozi!

Ndinayesa kusiya kugula kwa mwezi wathunthu, koma kulota osasiya. Ndinawerengetsanso mwayi wake: pa lotale yosankha manambala 6 mwa 49, mwayi wowina ndi umodzi pa 13,983,816. Mtima sukumva ndithu. Kuntchito ndimangozindikira ndajambula pulani ya nyumba kuseri kwa lipoti.

Alipo amene zinamuchitikirapo? Munatani kuti maganizo akhazikike? Chonde ndithandizeni.