Laisensi ya laibulale yolembedwa mu Go: LGPL, Apache kapena MPL?

Wofunsa: Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndinalemba laibulale yaing'ono (khodi imene ena angaike m'mapulogalamu awo) m'chiyankhulo cha mapulogalamu cha Go, yowerengera mafayilo a CSV (a matebulo) osalongosoka, ndipo ili pa GitHub, tsamba losungirapo khodi, koma ilibe laisensi. Kampani ina ikufuna kuiika mu pulogalamu imene imagulitsa, koma maloya ake akana kufikira nditaika laisensi. Cholinga changa n'chakuti aliyense aigwiritse ntchito, ngakhale mu pulogalamu imene khodi yake ndi yobisika, koma amene wakonza kanthu m'laibulalemo asabise zimene wasinthazo. Maganizo anga ali pa laisensi ya LGPL poti ndinamva kuti inalembedwera malaibulale. Ndinenenso kuti anthu ena angapo anatumiza zokonza zawo ndipo ndinazilandira.

Woyankha woyamba: Maloyawo sakulakwitsa. Malinga ndi pangano la mayiko la Berne lokhudza umwini wa zolemba, chimene munthu walemba chimakhala chake nthawi yomweyo popanda kukachilembetsa kulikonse, choncho khodi yopanda laisensi munthu angathe kuiona pa GitHub, koma alibe chilolezo choiika mu pulogalamu yake n'kumagawa. Pa nkhani ya LGPL ndikupempheni kuti muiganizirenso. Laisensi imeneyi imafuna kuti munthu amene walandira pulogalamu akhale ndi njira yochotsera laibulale yanu n'kuikamo ina imene iye wasintha. Zimenezi n'zosavuta m'chiyankhulo cha C pamene laibulale ili fayilo yapayokha imene pulogalamu imaiitana ikamayamba kugwira ntchito, koma Go imamanga zonse pamodzi kukhala fayilo imodzi, ndiye kampaniyo iyenera kupereka zidutswa za pulogalamu yake zoti wina athe kuimanganso. Maloya ambiri akaona zimenezi amangouza anthu awo kuti afune laibulale ina.

Woyankha wachiwiri: Ine ndikanati musankhe Apache 2.0 basi. Inatuluka mu 2004, makampani anaizolowera, ndipo ili ndi ndime imene laisensi ya MIT ilibe: aliyense amene wapereka khodi amaperekanso chilolezo cha patent (umwini wa luso latsopano) pa zimene waperekazo, ndipo amene wakasuma kukhoti kuti laibulaleyo ikuphwanya patent yake amataya chilolezo cha patent chimene anali nacho. Zoti anthu azibisa zokonza musadandaule nazo kwambiri, chifukwa kampani imene yasintha laibulale mwachinsinsi imadzipatsa yokha ntchito yobwereza zosinthazo nthawi iliyonse imene inu mwatulutsa yatsopano, ndipo ambiri amatopa n'kutumiza okha. Chenjezo ndi limodzi: Apache 2.0 imagwirizana ndi GPL 3 ya mu 2007 koma siigwirizana ndi GPL 2 yokhayokha (GPL ndi laisensi imene imafuna kuti pulogalamu yonse yogawidwa iperekedwe pamodzi ndi khodi yake). Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene chiyankhulo cha Rust chimaperekedwera pa MIT ndi Apache 2.0 zonse ziwiri, wogwiritsa ntchito n'kusankha yekha.

Woyankha wachitatu: Mfundo yanu ndaimva, akulu, koma mnzathuyu wanena momveka kuti sakufuna kudalira kutopa kwa anthu. Chimene wafotokoza ndi chimene MPL 2.0 imachita, laisensi imene bungwe la Mozilla linatulutsa mu 2012. Malire ake ali pa fayilo. Amene wasintha fayilo ya laibulaleyo n'kugawa pulogalamu ayenera kupereka khodi ya fayiloyo pa laisensi yomweyo, koma mafayilo amene walemba yekha angathe kuwabisa, ngakhale zonse zitamangidwa pamodzi monga imachitira Go. Ili ndi ndime ya patent, ndiponso imalola kuphatikiza khodiyo ndi ya GPL 2 kapena 3, pokhapokha ngati mwini wake waika chidziwitso cha Exhibit B chokana zimenezo, chimene inu simuyenera kuika.

Komabe mudziwiretu malire ake kuti musadzakhumudwe. Udindowo umayamba munthu akagawa pulogalamu, ndipo amene ayenera kupatsidwa khodi ndi olandira pulogalamuyo, osati inuyo. Kampani imene ikuyendetsa laibulale yosinthidwa pa seva yake yokha, osapatsa aliyense pulogalamuyo, ilibe chimene ikukakamizidwa kuonetsa. Laisensi imene imatseka mpata umenewo ndi AGPL, koma imeneyo ingathamangitse kampani yomwe yakulemberaniyo. Palinso mpata wina: munthu wochenjera angathe kulemba zowonjezera zake m'fayilo yatsopano n'kungosintha mzere umodzi m'fayilo yanu. MPL imateteza zokonza, koma siiteteza chilichonse chimene chamangidwa pambali pake.

Woyankha woyamba: Tisanapitirire, mawu otsiriza a funso lija ndi amene ali ndi ntchito yaikulu. Mizere imene anthu ena anatumiza ndi yawo, ndipo popeza panalibe laisensi pamene ankatumiza, inu simungaiike pa MPL kapena pa Apache popanda chilolezo chawo. Mulembere aliyense, avomere molemba pamalo poonekera, ndipo amene sakupezeka muchotse gawo lake n'kulilemba mwatsopano osakopera. Chitani zimenezi panopa akadali ochepa. Laibulale ya OpenSSL inatenga zaka ikufunafuna anthu amene anaperekapo khodi isanatuluke pa Apache 2.0 mu 2021. Ngati mbali ina munailemba pa nthawi ya ntchito, werenganinso kalata yanu ya ntchito, chifukwa nthawi zambiri khodi yotere imakhala ya olemba ntchito.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Ndasankha MPL 2.0, podziwa kuti zapaseva sindidzaziona. Ndinailemba pa nthawi yanga ndi kompyuta yanga, choncho mbali imeneyo ilibe vuto. Anthu aja ndiwalembera ndisanaike fayilo ya LICENSE. Nanga amene adzatumize khodi m'tsogolo ndiwasainitse CLA, pangano limene wotumiza khodi amasaina popatsa mwini laibulale chilolezo pa khodi yake?

Woyankha wachitatu: CLA ndi yofunika ngati mukufuna kudzasintha laisensi nokha kapena kudzagulitsa khodiyo pa laisensi ina, ndipo imabweza anthu ambiri ofuna kuthandiza. Kwa inu chitsimikizo chotchedwa DCO, imene Linux inayamba kugwiritsa ntchito mu 2004, ndi yokwanira: wotumiza amaika mzere wa Signed-off-by wotsimikiza kuti ali ndi ufulu wopereka khodiyo. Pamwamba pa fayilo iliyonse muikepo chidziwitso cha Exhibit A ya MPL pamodzi ndi mzere wa SPDX-License-Identifier: MPL-2.0. Muonenso malaisensi a malaibulale onse olembedwa mu go.mod, fayilo yotchula malaibulale amene yanu imadalira, chifukwa ngati imodzi ili pa GPL, pulogalamu ya kampaniyo idzagwidwa ndi GPL ngakhale laibulale yanu ili pa MPL.