Measure kapena calculated column mu Power BI? Margin yanga ikunama

kaBI_waLimbe:
Moni nonse, ndithandizeni abale mutu waima apa. Ndimagwira ntchito pa holosale ina yake, mashopu atatu Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu, ndiye abwana anati ndiwapangire dashibodi mu Power BI, pulogalamu ya Microsoft yopangira malipoti, azionerapo phindu la shopu iliyonse. Data ndikutenga mu Excel, mzere uliwonse ndi kugulitsa kumodzi. Ndinapanga column Phindu = Sales - Cost kenako ina Margin = Phindu / Sales, palibe error iliyonse. Koma ndikaika Margin ija mu tebulo total ikutuluka 4000% chakuti, nditasintha kuika Average ikubwera 30 pomwe a akaunti akuti sitinafike ngakhale 15. Dzulo pamitingi ndinachita manyazi koopsa. Mnzanga akuti ndipange measure koma ine sindikuona kusiyana, zonse si DAX yomweyo, chilankhulo cha mafomula a mu Power BI?

mdala_wa_pivot:
Achimwene DAX ndi yomweyo inde koma nthawi yowerengera ndi yosiyana. Column imawerengedwa kamodzi pa refresh (data ikamalowa mwatsopano), mzere ndi mzere, yankho nkusungidwa mu model, ndiye siidziwa kuti inu mwadina Mzuzu kapena mwezi wanji, inawerenga kalekale. Measure siisunga kanthu, imadikira muiike pa visual (tebulo kapena chati) ndiye imaona mafilter amene alipo nthawi imeneyo nkuwerenga pompo.

Taonani apa. Mwagulitsa sopo wa K2,000 phindu K1,000, margin 50%. Mwagulitsanso mabelo a shuga a K200,000 phindu K20,000, margin 10%. Average ya 50 ndi 10 ndi 30%. Koma ndalama zenizeni ndi K21,000 pa K202,000, zomwe ndi 10.4% basi. Kasopo kaja kapatsidwa mphamvu zofanana ndi shuga wodzadza pikapu, mpake a akaunti akukutsutsani, akunena zoona iwowo. 4000% ija ndiye ndi Power BI kuphatikiza maperesenti onse ngati akuwerenga matumba.

Pangani chonchi, zonse zitatu New measure osati New column (tinene kuti tebulo lanu la zogulitsa dzina lake ndi Malonda):
Total Sales = SUM(Malonda[Sales])
Total Phindu = SUM(Malonda[Sales]) - SUM(Malonda[Cost])
Margin % = DIVIDE([Total Phindu], [Total Sales])
Kuphatikiza kaye, kugawa pambuyo. DIVIDE yo ndi yoti shopu ikakhala sinagulitse kanthu mwezi umenewo isakupatseni Infinity pamaso pa abwana.

nachisale_sql:
Mdala wanena bwino koma musafike poganiza kuti column ndi mdani. Measure simungaiike mu slicer (podina posefa data) kapena pa axis ya chati, yesani muone ikana. Mukafuna kugawa makasitomala kuti awa ndi ogula pang'ono, awa apakati, awa ogula zambiri, kenako abwana azidina okha, pamenepo pakufunika column chifukwa mzere uliwonse uyenera kukhala ndi dzina lake. Chimodzimodzi column ya nambala ya mwezi yosanjira miyezi, apo ayi April amabwera patsogolo pa January kkkk.

Ine dandaulo langa ndi kulemera kwa fayilo. Injini ya Power BI, VertiPaq ija, imapanikiza data column ndi column ndipo imasangalala zinthu zikamabwerezabwereza, ngati dzina la shopu lomwe lili mitundu itatu yokha. Tsono column ya Margin yokhala ndi madesimo osiyana pafupifupi mzere uliwonse siipanikizika bwino, imangodya RAM. Ndinalandirapo fayilo ya munthu amene anasiya ntchito, macolumn opanga yekha mbwee, Sales ya chaka chatha column, ya mwezi watha column, laputopu kumalira fani ngati chigayo ndipo ndi netiweki yathuyi kuti ipublishike ndimayamba ndaphika tiyi. Pa laisensi ya Pro model imathera pa 1 GB, musaiwale. Ndipo ngati column ikufunikadi ine ndimaipangira ku Power Query (kokonzera data) kapena ku SQL (ku database) konko data isanalowe, DAX ndimasiyira zimene zikufuna ma relationship a mu model.

kaBI_waLimbe:
Zikomo kwambiri achemwali ndi mdala, measure ija yatulutsa 12.8% ndipo ndikadina Lilongwe ikusintha yokha, mtima pansi tsopano. Funso lina, Sales ija inenso ndinachita kupanga, Quantity kuchulukitsa ndi Price yomwe ndikukoka ku tebulo la katundu ndi RELATED. Imeneyonso ndifufute?

mdala_wa_pivot:
Mutha kufufuta, Total Sales = SUMX(Malonda, Malonda[Quantity] * RELATED(Katundu[Price])) imayenda mzere ndi mzere momwemo koma osasunga column. Chongoti musalembe SUM(Quantity) * SUM(Price), imeneyo ikupatsani mabiliyoni amene simunawaonepo.

Koma dikirani, mwati Price mukukoka ku tebulo la katundu? Muli mtengo wa lero kapena wa tsiku logulitsa? Ngati ndi wa lero vuto lanu si measure kapena column ayi. Kumbukirani November 2023 kwacha itagwa ndi 44% mitengo inakwera paliponse, ndiye mukachulukitsa shuga amene munagulitsa 2022 ndi mtengo wa panopa lipoti lidzati kale mumapanga ndalama zambiri kuposa zimene zinalowadi mu tilu. Mtengo uzichokera pa risiti, mzere womwewo wa kugulitsa.

kaBI_waLimbe:
Eish. Ndi wa lero. Ndiye 12.8 ijanso yabodza eti. Ndipita kwa a akaunti mawa mmawa andipatse Excel yokhala ndi mitengo ya pa invoisi, abwana ndawauza kuti dashibodi adikire mpaka Lachisanu.