Antivirus yolipira ndigule, kapena nayonso izingondimezera mafayilo?

Kadzidzi22:
Abale, ndipatseni nzeru ndisanataye ndalama. Ndili ndi kapulogalamu kowerengera katundu kamene mlamu wanga anandilembera pa Python (chilankhulo cholembera mapulogalamu), n'kukasandutsa .exe, fayilo yoyenda pa Windows, ndi chida chotchedwa PyInstaller. Zaka ziwiri kakugwira bwinobwino. Dzana ndikuyatsa kompyuta ndangopeza kasowa, antivirus yaulere imene ndili nayo yakanyamula akuti ndi Trojan (virus yodzibisa ngati pulogalamu yabwino), dzina limene yakapatsa lili ndi mawu akuti Heur ndi Generic. Ndinakoperanso pa flash, mphindi sinathe kapitanso. Ndiye ndikumva kuti zolipira zimayamba zakufunsa kaye zisanagwire fayilo. N'zoona? Ndigule?

Nyamakazi:
Musagule. Mwandimva? MUSAGULE. Ine ndinagula ya chaka chimodzi, makompyuta atatu, pamtengo wotsitsidwa. Chaka chitatha ndangoona uthenga wa kubanki kuti adula okha pakhadi, ndipo mtengo wake pafupifupi kawiri wa poyamba uja. Nditawalembera anandiyankha kuti ndinavomera ndekha tsiku logulalo. Ndinavomera pati? Mu timalemba tating'onoting'ono tija palibe amawerenga? Mpaka lero mtima umandiwawa.

Kadzidzi22:
Pepani mayi, koma funso langa ndi la mafayilo, imakufunsani kapena ayi?

Nyamakazi:
Inandifunsa pondidula ndalama?

BwanaLinux:
Kikiki mavuto a anthu a Windows. Ine chaka cha 11 chino ndili pa Linux, antivirus sindiidziwa n'komwe, ndipo palibe chinandilowapo. Bwerani kuno mupume.

Mphwanga_IT:
Mukudziwa bwanji kuti sichinalowe poti mulibe chokuuzani? Tisiyeni tithandize munthu, akulu.

A Kadzidzi, choyamba fayilo yanu mwina sinafufutidwe. Ma antivirus ambiri akakayikira chinthu amachiika mu quarantine, kutanthauza kuti amachibindikiritsa pamalo pamene sichingathe kuyenda, koma chilipo. Tsegulani antivirus yanuyo, pezani quarantine, muona batani lobwezeretsa. Musachedwe kwambiri chifukwa ena pakapita nthawi amasesa zonse zili mmenemo.

Chachiwiri, mawu akuti Heur aja akukuuzani nkhani yonse. Antivirus imagwira zinthu m'njira ziwiri. Ina ndi yofananiza fayilo ndi mndandanda wa ma virus odziwika kale, ngati wapolisi amene ali ndi chithunzi cha wakuba m'manja. Inayo ndi yongoyang'ana maonekedwe ndi khalidwe la fayilo n'kunena kuti uyu akuyenda ngati wakuba. Heur ndi njira yachiwiriyi, ndiye imalakwitsa. Pa Microsoft Defender mukaona dzina lothera ndi !ml ndi zomwezo, makina angoganizira. Tsono PyInstaller imamanga pulogalamu yanu pamodzi ndi Python yense mu fayilo imodzi imene imadzimasula ikamayamba, ndipo olemba ma virus ambiri amagwiritsanso ntchito chida chomwecho. Kuwonjezera apo kapulogalamu kanu kalibe siginecha ya mwini wake, ndipo padziko lonse kali pa kompyuta imodzi kapena ziwiri. Antivirus ina iliyonse ingakayang'ane ndi diso lofiira, yolipira ndi yaulere yomwe.

Chitsulo77:
Bodza ilo. Yanga yolipira sinalakwitsepo ngakhale kamodzi. Ndili pa premium, makompyuta asanu ndi mafoni, VPN momwemo. Chinthu chabwino chimadula basi, amene akudandaula ndi amene amathamangira zotchipa. Ndipo za kukwera mtengo sindikuzidziwa, ine zaka zitatu ndikulipira chimodzimodzi.

Nyamakazi:
Kaoneni bwino sitetimenti yanu ya kubanki bambo, mudzabwera mukulira.

Mphwanga_IT:
A Chitsulo, zolipira sizilakwitsa? Mu Epulo 2010 kampani ya antivirus ya McAfee inatulutsa update imene inaona svchost.exe, fayilo ya Windows yeniyeni, ngati virus. Makompyuta a Windows XP Service Pack 3 m'makampani ambirimbiri anayamba kungozima n'kuyaka, kuzima n'kuyaka. Amenewo anali makasitomala olipira ndithu. Zaulere nazonso zilimo, mu 2011 Microsoft Security Essentials inagwira Google Chrome akuti ndi virus yotchedwa Zbot n'kuichotsa pamakompyuta a anthu. Palibe woyera pamenepa.

Zangazi:
Ngati zija za CrowdStrike mu 2024 ndege zinaima zija. Virus yoopsa ija.

Mphwanga_IT:
Sinali virus, ndipo sinali nkhani yogwira fayilo yosalakwa. Inali update yolakwika ya CrowdStrike yomweyo, kampani ya mapulogalamu oteteza makompyuta, pa 19 Julayi 2024, inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni. Nkhani ina imeneyo.

Zangazi:
Chabwino aphunzitsi.

Gogo_wa_Excel:
Ine sindikumvetsa chimene mukuvutikira. Chotsani yaulereyo, Windows 10 ndi 11 zimabwera kale ndi antivirus yakeyake yotchedwa Defender, imadziyatsa yokha mukachotsa inayo. Mukalowa pa Windows Security, Virus & threat protection, pali Protection history pamene mumaona zonse zimene yagwira, n'kusankha kubwezeretsa kapena Allow on device. Pali ndi Exclusions, mumaiuza kuti fayilo iyi kapena foda iyi usamaigwire. Zonsezo osalipira kanthu. Ndalamayo mugulire hard disk yosungirapo makope a mafayilo anu, ndiyo imene idzakupulumutseni tsiku loipa.

Zangazi:
Ine ndinangoika drive C yonse mu exclusions, kuyambira tsiku limenelo bata lokhalokha.

Gogo_wa_Excel:
Mwana iwe. Ndiye kuti walemba mlonda ntchito n'kumuuza kuti asamayang'ane nyumbayo.

Zangazi:
Inkandivutitsa pa ka activator kena kake gogo.

Mphwanga_IT:
Apo ndiye nkhani yasintha. Crack kapena activator, zida zotsegulira mapulogalamu ogulitsa osalipira, ikagwidwa musathamangire kunena kuti antivirus yalakwitsa. Nthawi zina imalemba HackTool kapena PUA, kutanthauza kuti si virus kwenikweni koma ndi chida chokayikitsa. Koma ma crack ambiri amabwera atabereka zakuba ma password kumsana, ndipo amene amawagawa amadziwa kuti mudzazimitsa nokha antivirus, n'chifukwa chake amalemba kuti zimitsani kaye musanatsegule. Chotsani C mu exclusions lero lomwe, mupange full scan. Foda ya Downloads nayonso isamalowe mmenemo, ndi khomo limene zoipa zimalowera.

Kadzidzi22:
Ndiye ineyo ndidziwa bwanji kuti kanga n'kosalakwa? Mlamu wangayo ndimamukhulupirira, koma flash yake imayenda m'makompyuta ambiri.

Mphwanga_IT:
Funso labwino limenelo. Ikani fayiloyo pa webusayiti ya VirusTotal, ndi ya Google kuyambira 2012, imaiyeza ndi ma antivirus oposa 60 nthawi imodzi. Akaikayikira atatu kapena anayi okha, onse ndi mayina a Generic kapena Heur, akuluakulu odziwika ali chete, nthawi zambiri ndi kulakwitsa chabe. Akagwirizana 30 pa dzina limodzi, mlamu wanu akufunika kucheza naye. Chenjezo limodzi: chimene mwaika pamenepo makampani a zachitetezo amatha kuchiona ndi kuchitenga, ndiye musaikepo zikalata zachinsinsi kapena fayilo imene muli ma password mkati. Mukatsimikiza, tumizani fayiloyo kwa eni antivirus yanu, pafupifupi onse ali ndi fomu yodandaulirapo kuti agwira chosalakwa. Akakonza mu update imasiya kukagwira.

Chitsulo77:
Ntchito yonseyo chifukwa choopa kulipira? Nthawi yanga ndi yodula kuposa laisensi.

Gogo_wa_Excel:
Yanu yodulayo ikagwira fayilo mumachita chiyani?

Chitsulo77:
Ndimangodina Delete.

Gogo_wa_Excel:
Eya.

Thoko_M:
Ndiyankheko funso lenilenilo poti aliyense akulizemba. Inde, zolipira zina zili ndi posankha kuti izikufunsani kaye, ine ndinayesapo. Sabata yoyamba ndinkasangalala kuti ndine bwana. Sabata yachiwiri mafunso anachuluka, mayina a mafayilo amene sindiwadziwa, ndinayamba kungodina Allow osawerenga ngati mmene timachitira ndi ma cookies. Ndinabwezera pa quarantine yokha ija. Chofunika n'choti isamafufutiretu, iziika pambali. Ngati mukufunabe kugula, onani kaye zotsatira za AV-Comparatives ya ku Austria kapena AV-TEST ya ku Germany, amayeza ndi kuchuluka kwa mafayilo osalakwa amene antivirus iliyonse yagwira. Ndipo zambiri zimakupatsani masiku 30 oyesera.

Nyamakazi:
Masiku 30 amenewo ndi nyambo. Amafuna nambala ya khadi poyamba.

Thoko_M:
Si zonse mayi, imene ndinayesa ine sinafunse khadi.

Nyamakazi:
Yanga inafunsa.

BwanaLinux:
Python imayenda bwinobwino pa Linux popanda .exe. Ndangodutsa.

Kadzidzi22:
Ndakapeza mu quarantine, kabwerera. Pa VirusTotal akukakayikira ndi 5 okha, mayina ake sindinawamvepo kupatula imene ndili nayoyi. Ndaika fayilo yokhayo mu exclusions, foda ayi. Koma mlamu akuti mwezi wamawa akonza version ina, ndiye sindikudziwa ngati tiyambirenso. Zogula ndaziimika kaye, ngakhale ya masiku 30 ija ikundikopabe.

Chitsulo77:
Mudzagula basi, tikumana pano pompano.

Nyamakazi:
Pali amene akudziwa pamene amabisa batani lozimitsira auto-renew, zoti azingodula okha pakhadi zija? Mwezi wamawa adulanso.