Ana anga awiri akulowa Fomu 3, tiwasankhire maphunziro ati?

Mayi wa ku Mponela:

Abale, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi ana awiri amene akhoza JCE ndipo akulowa Fomu 3 pa CDSS ya kuno kwathu. Mnyamata ndi wobala ine, mtsikana ndi wa malemu mng'ono wanga, ndikumulera ndine. Abwera ndi kapepala kochokera kwa ahedi koti tisankhe maphunziro oti adzalembe pa MSCE.

Mtsikanayu masamu amawamva, Biology ndiye amaikonda zedi, ndipo chiyambire ku pulayimale pakamwa pake sipachoka za unamwino. Vuto ndi loti pasukulupo palibe labu, zipangizo zochepa zomwe zilipo zimakhala m'kabati mu ofesi, ndipo mphunzitsi wa Physics ndi yemweyonso wa Chemistry. Anzake akumuuza kuti asiye ziwirizi atenge History ndi Bible Knowledge kuti mapointi adzatsike. Mnyamata yekha mabuku amamuvuta, JCE wakhoza movutikira, koma mukamupatsa wailesi yakufa kapena sola yosayaka, pofika madzulo yayamba kugwira ntchito. Bambo ake akuti atenge masayansi onse ngati mlongo wake, mwamuna sathawa sayansi. Ine ndasowa pogwira.

Mphunzitsi wa sayansi, Ntcheu:

Mayi, poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zomwe makolo ambiri amazisakaniza, kupeza satifiketi ya MSCE ndi kuyenera kosi imene mwana akufuna. MANEB imapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi, 9 walephera. Satifiketi imatuluka mwana akakhoza maphunziro asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, ndi kirediti imodzi, kapena asanu ndi makirediti atatu, Chingerezi chilinso momwemo. Ku mayunivesite a boma, komwe amasankha kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, amafuna makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndiye kosi iliyonse imakhalanso ndi maphunziro ake amene amayang'ana.

Apa ndi pamene malangizo a anzake a mtsikanayo akusocheretsa. Atha kudzapeza mapointi 14 okongola ndithu ndi History ndi Bible Knowledge, koma akadzatenga fomu ya KUHeS, yunivesite ya boma ya zaumoyo, adzapeza kuti akufunsa Biology, Chemistry, Physics ndi masamu. Makoleji a anamwino a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, nawonso amayang'ana masayansi. Chimene wasiya mu Fomu 3 sangachitole mu Fomu 4, silabasi imakhala itapita kutali. Ndimawaona atsikana otere akubwerera kudzabwereza zaka ziwiri pa sukulu ya masana, makolo akulipiranso fizi kachiwiri, ndipo zimandipweteka mtima chifukwa nzeru anali nazo kuyambira kale.

Za labu ndikukumvetsani, ifenso kuno tilibe. Chimene chimagwetsa ana athu ndi pepala la mapulakitiko. Mwana amene sanagwirepo burette, chubu chagalasi choyezera mankhwala, manja amanjenjemera, amatsegula kampopi kwambiri, mankhwala n'kusintha mtundu iye asanawerenge nambala, mamalikisi apita. Ife timapempha sukulu ya sekondale ya boma yoyandikana nafe kuti ana athu akagwireko zipangizo Loweruka lina ndi lina. Pitani kwa ahedi, kapena mukaiyankhule pa msonkhano wa PTA, mufunse ngati zoterezi zingatheke kwanuko. Mumupezerenso mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo azidziyesa nawo. Koma Physics ndi Chemistry asasiye ayi.

Kwa mnyamatayo ine ndingati achepetse katundu. Masayansi atatu kwa mwana amene akuvutika kale ndi kumuthyola msana. Mphamvu zake aziike pa Chingerezi, chifukwa akachilephera satifiketi palibe ngakhale zina zonse atakhoza.

Wazamagetsi, Ndirande:

Aphunzitsi anena zoona, koma pa mnyamatayo ndiwonjezereko, poti ntchito imene akuilowera ndi yanga. Chemistry akhoza kuisiya, Biology ngati sukulu ikulola kusiya asiye, koma Physics ndi masamu agwiritse. Anthu amaganiza kuti ntchito zamanja n'zongofuna manja. Ukafika ku koleji ya ntchito zamanja tsiku loyamba lomwe akukupatsa Ohm's law, lamulo lowerengera kayendedwe ka magetsi, akukuuza uwerengere kuti kukala yokoka ma amp akutiakuti ikufuna waya wonenepa bwanji. Ukalakwitsa pamenepo waya amatentha mkati mwa khoma, nyumba ya munthu n'kupsa. Za sola ndiye masamu okhaokha, mapanelo angati, mabatire angati, inveta ya mphamvu yanji.

Ndipo mukawauze bambo akewo kuti njira imeneyi si ya olephera. Kuli makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia, kuphatikizapo makoleji a m'madera aja anayamba kutsegulidwa mu 2015. TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, ikatulutsa malo, amene ali ndi MSCE yokhala ndi Chingerezi, masamu ndi sayansi amakhala patsogolo. Ngati pasukulupo pali Technical Drawing kapena Metalwork alowemo msanga, ngakhale ndikudziwa kuti ma CDSS ambiri alibe. Pa holide mumupezere mmisiri wodalirika azimunyamulira zida, aziona mmene amakokera waya m'mapaipi.

Wophunzira wa ku Bunda:

Amayi, ine changa n'chachifupi. Asatenge maphunziro ochuluka mopitirira chifukwa choopa. Mapointi amawerengera asanu ndi limodzi okha amene wakhoza bwino, ndiye asanu ndi atatu akwana, otsalawo akhale opumirapo amene mwana amawamva mosavuta, ngati Chichewa kapena Geography. Agriculture musainyoze kwa onse awiri. Mwana wokulira ku Mponela fodya, chimanga ndi soya amazidziwa kale ndi maso, ndipo mtsikanayo unamwino ukadzakanika, masayansi ake pamodzi ndi Agriculture adzamutsegulira khomo ku LUANAR, yunivesite ya zaulimi ya kuno ku Bunda. Nthawi yolembetsa mayeso mu Fomu 4 mudzaonetsetse nokha kuti maphunziro amene alembedwa pa dzina la mwana ndi omwewo akuphunzira, asanasayine.

Mayi wa ku Mponela:

Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso. Mtsikana atenga masayansi onse atatu, ndipo za Loweruka zija ndikazitula kwa ahedi Lolemba. Mnyamata ndamufunsa yekha, akuti Physics akuifuna, Chemistry ndiye imamuzunguza mutu. Bambo ake ndawawerengera zimene alemba achimwene a ku Ndirande, sanayankhe kanthu koma afunsa kuti ku Namitete fizi yake imakhala bwanji. Amene akudziwa atiuzeko.