Kolona wa amayi akuwala mumdima, kodi ngoopsa kwa mwana?

Nambewe, Area 25:
Abale ndithandizeni. Lachiwiri usiku magetsi atazima ndinalowa kuchipinda kwa amayi kukatenga machesi, ndiye ndinangoona kolona wawo pamsomali akuwala mobiriwira, mkanda uliwonse ukuoneka bwinobwino. Mwana wanga wa zaka 4 anandigwira chitenje, kukana kulowa. Ndi kolona wapulasitiki wamba, alibe batire. Pofika pakati pa usiku anali atazilala. M'mawa mwake ndinamuika pazenera padzuwa, usiku anawala kuposa poyamba. Chikundidetsa nkhawa nchoti mwanayu mantha atamuthera wayamba kumatafuna mikandayo. Muli mankhwala anji mmenemu?

Aphunzitsi a ku Kawale:
Mayi, poika pazenera paja mwapeza kale yankho. Popanga mikandayo amasakanizamo ufa, nthawi zambiri zinc sulphide kapena strontium aluminate. Ufawu umamwa kuwala kwa dzuwa kapena kwa babu, nkusunga mphamvuyo, kenako nkumaitulutsa pang'onopang'ono ngati madzi otchinjidwa mumtsuko wong'aluka. Ikatha, kolona amazima mpaka atamwanso kwina. Sapanga kuwala kwake ayi, amangobweza kumene anabwereka.

Zoterezi muli nazo kale m'nyumba. Mubabu la chubu lija muli nthunzi ya mercury imene imatulutsa kuwala kwa ultraviolet, kosaoneka ndi maso. Ufa woyera wopakidwa m'kati mwa galasi ndi umene umakumwa nkukusandutsa kuwala koyera, kungoti uwo umabweza nthawi yomweyo. Tayang'ananinso tochi ya foni yanu ili chozima, muona kadontho kachikasu. Pansi pake pali LED, kababu kakang'ono kowala mtundu wa buluu. Chikasucho chimamwa gawo la buluuyo nkutulutsa wachikasu, ziwirizo zikasakanikirana maso athu amaona zoyera. Asayansi atatu, Akasaki, Amano ndi Nakamura, analandira mphoto ya Nobel mu 2014 chifukwa cha LED ya buluuyo. Ana anga akusukulu ndikawaonetsa kadonthoka amakhala chete kalasi yonse.

Wamagetsi wa ku Mchesi:
Aphunzitsi anena zoona. Khudzani kolonayo, ngozizira. Makala pambaula amafiira chifukwa cha kutentha, ndipo babu lakale lija kawaya kake ka tungsten kamapsa kupitirira madigiri 2,000 kuti kawale, mphamvu yambiri nkumangothera kutenthetsa. Ine chimene ndimaopa ndi babu la chubu likasweka, poti mercury ija ndi poizoni. Tulutsani ana, tsegulani mazenera, musatole magalasiwo ndi manja.

Agogo a ku Likuni:
Mwanawe, choopsa chinalipo kale. Mawotchi ena akale ankapakidwa utoto wosakaniza ndi radium, mankhwala otulutsa cheza choopsa kwa munthu, ndipo ankawala usiku wonse osafuna dzuwa. Atsikana ambiri amene ankapaka utotowo ku America m'zaka za m'ma 1920 anadwala ndi kumwalira, poti ankanyambita burashi kuti isongoke. Tatsekera kolonayo m'kabati masiku awiri, ukamutulutse usiku osayatsa nyali. Ukapeza wazimiratu, mulibe zimenezo. Koma mkamwa mwa mwana ayi ndithu, mkanda ukhoza kumutsamwa.

Nambewe, Area 25:
Zikomo nonse. Agogo, ndachita monga munanenera. Usiku wathawu ndinamutulutsa m'kabati, mdima bii, ndinachita kumufufuza ndi manja. Nditamuwalitsa ndi tochi kwa mphindi imodzi anayambanso kubiriwira m'dzanja mwanga. Amayi asamutsira msomali pamwamba pa chitseko pomwe mdzukulu wawo safikira.