Thandizeni, malire a munda wanga anapita ndi madzi

Moni nonse m'gulu muno. Ndine mayi wa ku Mulanje, kufupi ndi Muloza. Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, madzi ochokera m'phiri anakokolola mbali ina ya munda wa tiyi womwe anandisiyira malemu mayi anga. Nkhadze zomwe zinali m'malire zinapita zonse, panatsala mchenga ndi miyala ikuluikulu. Pano oyandikana nawo adzala chinangwa mizere isanu ndi umodzi kulowa mbali yanga, ati malire ake ndi pomwepo. Kuno malo ndi ochepa, minda ikuluikulu ndi ya maesiteti, ndiye mzere umodzi si nkhani yamasewera.

Amalume, omwe ndi mwinimbumba, anakalankhula nawo koma sizinathandize. Kwa amfumu tapitako kawiri, angoti tidikire. Pepala la malowa ndilibe, paja kwathu kuno munda umangodutsa kuchikazi.

Ndinamva kuti lamulo la malo la 2016 limalola kulembetsa malo a makolo. Alipo amene analembetsapo kuno ku Mulanje kapena ku Thyolo? Munayambira kuti, ndipo anafuna mapepala anji? Nanga mkangano usanathe amalola kulembetsa?